Pa Kona ya Manase

"Tsika pamenepo, Dinah. Anthu akukuona."

Dinah sanatsike. Anali ataponda pa tayala lakutsogolo, mutu uli m'boneti, chitenje chakuda atachimanga zolimba m'chiuno kuti chisakodwe m'zitsulo. Womuitanayo anali bambo ake aang'ono, a Laws Msiska, amene anaima chapafupi atavala jekete la kutchalitchi, manja ali kumbuyo ngati woyendera sukulu.

"Adada, munanena nokha dzulo pamaso pa akuluakulu," anayankha Dinah, mawu akumvekera m'kati mwa injini. "Ikalira dzuwa lisanafike pamutu, lole ndi yanga. Dzuwa likadali uko."

A Laws anayang'ana dzuwalo ngati nalonso lawapandukira. Mawuwo anawalankhuladi, koma anawalankhula pofuna kungotseka pakamwa mwana wamkazi wamakani. Sanaganize kuti kukacha amupeza atakwera pa tayala.

Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda a Manase Msiska, bambo ake a Dinah, tsiku losesa. Zovala za malemu zinali zitagawidwa kale, ndipo achibale akutali ankamanga mitolo. Pakhonde amayi ankatunga tiyi ndi kapu m'chiketulo chachikulu cha mkazi wa malemu, chimene chinaguluka mpopi kalekale, pabowo pake atatsekapo ndi chitsononkho. Chimene chinatsala osagawidwa chinali lole yakale yobiriwira, itaima pansi pa mtengo wa mapeyala. Kwa zaka zambiri lole imeneyi ndiyo inkatsitsa anthu a ku Nchenachena ndi nthochi zawo, nyemba ndi khofi kupita kumsika wa kuchigwa Lachisanu lililonse. Tsopano a Laws anali atapangana ndi a Peter, mmisiri wa ngolo wa ku Mwazisi, kuti abwere masana adzaiphwasule. Matayala ndi zitsulo zapansi zikanatuluka ngolo ziwiri. Zotsalazo nkhuku zikanaikiramo mazira.

Sikuti a Laws anali munthu wouma mtima, ayi. Mkulu wawoyo anamulira mpaka mawu kusasa. Koma anali otsimikiza kuti loleyo ndiyo inapha a Manase, ndipo Nchenachena yense ankavomereza.

Nthenda ya loleyo inali yotchuka kuposa dzina la mbusa. Ukamatsika phiri, pali mkuyu pamene chigwa chonse chimatseguka, mlatho wolowera kumsika n'kuonekera pansi patali. Kutsogolo pang'ono pali kona yakuthwa. Lole ikafika pakona imeneyo inkatsokomola kawiri katatu, n'kufa. A Manase ankatsika akupukusa mutu, n'kukweza boneti, n'kufuulira anthu a kumbuyo: "Ofulumira tsikani, dulani njira! Iyi yatentha pampu, ichedwa chomene!" Ena ankatsikadi ndi madengu awo n'kulowa kanjira ka m'nthochi. Otsalawo ankang'ung'udza, kwinaku a Manase akukulunga pampu ya petulo ndi nsanza yonyowa ngati mutu wa wodwala malungo. Pakapita kanthawi inkalira, ulendo n'kupitirira. Anthu anafika potcha malowo Kona ya Manase.

Lachisanu lapitalo inafanso pomwepo. A Manase anatsika, anafuula mawu awo a masiku onse, anakweza boneti, kenako anakhala pansi m'mbali mwa msewu atagwira pachifuwa. Sanadzukenso. Loleyo inabwera kunyumba mochita kukokedwa ndi thirakitala. Chiyambire tsikulo amuna atatu odzitcha amakaniko anali ataipukusa mpaka batire kutha, koma inangoti zii.

Dinah ankaikonda loleyo ndiponso ankaida. A Manase analibe mwana wamwamuna, ndipo sanaonepo vuto. Anamuphunzitsa Dinah kugwira sipanala asanadziwe kusinja, ndipo atakula anapita naye ku Mzuzu kukatenga laisensi, woyesayo akuseka mpaka pamene anasiya kuseka. Koma kusukulu anzake ankamulonjera ndi chifuwa, kutsanzira kutsokomola kwa lole, ndipo manyazi amenewo sanamuchoke. Chaka china anagula zokonzera pampu zatsopano, nazimanga yekha ndi manja ake. Lachisanu lotsatira lole inafa pakona ngati palibe chimene chachitika. Dinah analira ndi ukali. Bambo ake anangomupatsa nsanza nati, "Injini ili ndi masiku ake, mwana wane. Thamanga kumtsinje ukanyowetse iyi." Masiku ena onse ankamusiyira chiwongolero, koma Lachisanu ayi.

Tsopano anali yekha ndi injini yozizira, ndipo anakumbukira chiphunzitso cha bambo ake. Petulo ndi mlendo, ankatero. Akapanda kufika, usayambe kukalipira anthu. Yambira kumene akumudikira, uzibwerera chambuyo mpaka upeze pamene watsakamira. Amakaniko atatu aja sanatero. Onse anathamangira kumenya pampu, popeza wakuba wodziwika ndiye amayamba kugwidwa mbuzi ikasowa.

Dinah anamasula paipi yolowa m'kabyuleta, nayamba kupopa ndi kachitsulo ka m'mbali mwa pampu kamene amapopera ndi dzanja. Sipanatuluke ngakhale dontho. Anayang'ana kabotolo ka galasi ka pa pampu, mmene petulo amayamba wadikha asanapitirire. Kanali kouma, sefa yake yoyera. Anasolola kandodo koyezera oyilo nakanunkhiza, chifukwa kachikopa ka m'kati mwa pampu kakang'ambika, petulo amathawira mu oyilo. Munkangomveka oyilo yekha.

"Waona?" anatero a Laws. "Pampu yafa. Inafa kale, mwini wake ndiye ankaikakamiza."

Dinah anamasula paipi ina, yochokera kuthanki, natseka pakamwa pa pampu ndi chala chachikulu, n'kupopanso. Pampu inamuyamwa chalacho mwamphamvu ngati thole lanjala. Anachotsa chala, nabwezeranso. Inayamwanso. Pampu imeneyi, imene inatukwanidwa zaka khumi ndi phiri lonse, inali yamoyo kuposa anthu ena amene anakhala pakhonde paja. Inkangosowa chakumwa.

Anatsika pa tayala, natsegula thanki, naviikamo bango. Linatuluka litanyowa mpaka pakati. Petulo analimo, pampu inali bwino, ndiye kuti mlendo anatsakamira panjira.

Nthawi imeneyo n'kuti mayi wina atafika kudzapepesa, atasenza kadengu ka usipa. Anali a Kezia a ku Chitimba, amene ankakwera phiri ndi nsomba zouma kudzasinthanitsa ndi nyemba, n'kutsika pa lole ya a Manase kukagulitsa nyembazo kumsika. Atatuluka m'nyumba ya siwa anabwera kudzasisita loleyo m'mbali ngati ng'ombe.

"Amama, ndithandizeni," anatero Dinah. "Ikani khutu pakamwa pa thanki. Ndikauzira mpweya m'paipi, mundiuze ngati mukumva kubwata."

A Kezia anaika khutu. Dinah anapukuta paipi, naiika pakamwa, nauzira mpaka masaya kuwawa ndi maso kuchita mdima. Mpweya sunapite kulikonse.

"Palije," anatero a Kezia. "Kuli chete ngati kumanda." Atazindikira chimene anena anadzigwira pakamwa. Kenako anasendera pafupi, natsitsa mawu. "Mwana wane, ndikuuze tchimo langa. Ine lole iyi ndinkaipempherera kuti izifa."

Dinah anawayang'ana.

"Usandione choncho. Ukudziwa anyamata a malaya ofiira aja amaima pa mlatho kufunsa khadi la chipani. Wopanda khadi salowa mumsika, abwerere ndi katundu wake, mwinanso katunduyo atsale. Ine chaka chino khadi ndilibe. Ana asanu, bwato linamira, ndigula ndi chiyani? Ndipo sindili ndekha. Ena ndi osauka ngati ine, ena mpingo wawo suwalola, ukuwadziwa. Ndiye lole ikafa pakona, timatsika limodzi ndi ofulumira, palibe wodziwa mnzake chifukwa chake. Kanjira ka m'nthochi kamawolokera pamiyala kumtunda kwa mlatho, n'kutulukira kuseri kwa msika. Chiuta ndi wamkulu, mwana wane. Tsiku limene anyamata kulibe pa mlatho, inkangodutsa pakonapo ngati njinga. Tsiku limene alipo, Chiuta ankaizimitsa."

Dinah anaseka pang'ono mwaulemu, maganizo ali pa paipi. Anatenga thumba lachabe naliyala pansi pa lole. Amuna a pansi pa mtengo anayamba kung'ung'udza. Ovolosi ya bambo ake ikanamuthandiza, koma masiku amenewo mkazi wovala buluku ankaswa lamulo, ndipo a Laws anali mlembi wa nthambi ya chipani, baji ili pa jekete. Anakulunga chitenje m'miyendo, nakwawira pansi chagada.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anagwira paipi pamene imachoka pathanki, nayamba kuitsatira ndi zala pang'onopang'ono, kufunafuna pamene yaphwanyika kapena kupindika. Matope ouma ankamugwera m'maso. Paipi inayenda bwinobwino m'mbali mwa chitsulo chachikulu, koma itafika pansi pa mpando wa dalaiva inachita chinthu chimene paipi ya petulo sichita. Inakhota, nikwera m'mwamba, nilowa pakabowo ka pansi pa mpando, n'kutulukanso pakabowo kena. Ntchitoyo inali yaudongo, yomangidwa ndi munthu wodziwa, ndipo anaipaka matope ndi girisi kuti isaoneke.

Apa m'pamene mawu a a Kezia anamubwerera. Tsiku limene anyamata kulibe, inkangodutsa.

Anatuluka, nadzisasa fumbi, nakwera kutsogolo n'kutseka chitseko. M'katimo munkamvekabe fungo la bambo ake, sopo wochapira ndi fodya wopota. Anakhala pa mpando wawo, natsitsa dzanja lamanja pakati pa mpando ndi chitseko, pamene wokhala kumanzere sangaone. Zala zake zinakhudza kanthu kozizira. Kanali kampopi kamkuwa, kosalala chifukwa chogwidwagwidwa, ndipo kanali kotseka.

Dinah anangokhala, dzanja lili pomwepo. Zonse zinamveka nthawi imodzi. Munthu akafika pa mkuyu n'kuona malaya ofiira pa mlatho, amatseka kampopi. Petulo wotsala m'kabyuleta amaiyendetsa lole mpaka pakona, n'kutha. Ofulumira tsikani. Nsanza yonyowa ija inali sewero, ndipo kumtsinje kuja ankamutuma kuti asaone dzanja likubwerera pansi pa mpando. Lachisanu lomaliza bambo ake anatseka kampopi, koma sanakhale ndi moyo woti akatsegulenso.

Anafuna kuseka, anafuna kulira, ndipo anakwiya kwambiri. Zaka khumi akuyenda choweramitsa mutu, mwana wa makaniko wolephera, pamene bambo akewo anali mmisiri woposa onse m'phirimo. Anafuna kutsegula chitseko afuule kuti bwerani mudzaone, inu nonse munkawaseka. Anayang'ana pagalasi. A Laws anaima pomwe paja, baji ikunyezimira. Pansi pa mtengo panakhala anyamata awiri amene anathandiza kukumba manda, akumwa tiyi mwaulemu. Lachisanu anyamata omwewo ankavala malaya ofiira. Nkhani ngati imeneyi ikanatuluka, sakanaitcha chifundo. Akanaitcha kuukira boma, ndipo anthu otchulidwa choncho ankatengedwa osatsanzika.

Chitseko cha kumanzere chinatseguka. Mayi ake, a Isabella, anakwera movutikira nakhala pansi, atanyamula kapu ya tiyi. Kwawo ku Dedza anali Naphiri, kuno anawasandutsa NyaPhiri, ndipo zaka makumi atatu za ku Rumphi sizinawasinthe lilime. Chiyambire maliro anali asanayandikire loleyo. Anayang'ana dzanja la Dinah pamene linali.

"Wakapeza," anatero.

"Munkadziwa, Amama?"

"Ketulo yanga ija ukuganiza mpopi wake unapita kuti?"

Dinah anayang'ana pakhonde, pamene mayi wina ankatunga tiyi m'chiketulo chotsekedwa ndi chitsononkho. Kuseka kunamuphulika pamodzi ndi misozi, ndipo anabisa nkhope pa chiwongolero kuti akunja aziyesa akulira maliro okha.

"Inali mphatso ya ukwati wathu," anatero a Isabella. "Chaka chija unali fomu wanu, anyamata a malaya ofiira anatsitsa mayi wina wapakati pa mlatho, n'kumukhazika padzuwa tsiku lonse. Bambo ako anabwera osalankhula, chakudya osakhudza. M'mawa ndinapeza ketulo ikudontha. Ndinawakalipira sabata yathunthu, ndisanadziwe."

"Ndiye masiku onsewa amuna akupukusa mpaka batire kutha, inu muli phee? Dzulo ine ndikupempha akuluakulu ngati wopempha mchere, inu muli phee?"

"Ndinali phee, ndipo ndikanakonda ukanapanda kukapeza." Mawu awo anauma. "Lachisanu lililonse kwa zaka khumi ndinkakhala pakhomo, khutu lili kumsewu, osadziwa ngati abwera kapena ndimva kuti awatenga. Mtima wawo unatha ndi mantha amene sankauza munthu. Bambo ako aang'ono sakunama kwenikweni, lole iyi inawapha. Ndataya mmodzi, Dinah. Siya a ku Mwazisi atenge."

Dinah anapukuta maso ndi kumbuyo kwa dzanja, nadzipaka girisi patsaya. Anawamvera chisoni mayi ake, chifukwa mantha awo sanali opanda pake.

"Amama, a Peter akayamba kuphwasula, achotsa mpando uno anthu onsewa akuonerera. Adada a Laws adzakhala ataima pomwepo. Adzafunsa kuti mpopi wa ketulo ukutani pa paipi ya petulo."

A Isabella zimenezo anali asanaziganizire.

"Ikalira, palibe amene adzayang'ane pansi pa mpando," anatero Dinah.

"Nanga Lachisanu?"

"Za Lachisanu tidzaziona Lachisanu."

"Ndiwe mwana wa bambo ako," anatero a Isabella, ndipo sanali kumuyamikira. Anamupatsa tiyi uja, natsika, nabwerera kukhonde osacheuka.

Dinah anamwa tiyiyo, anatembenuza kampopi, natsika. Anakweranso pa tayala, namanga mapaipi onse awiri, nayamba kupopa ndi kachitsulo kaja. Poyamba panalibe kanthu. Kenako m'kabotolo ka galasi munaoneka thovu, petulo n'kuyamba kukwera, wofiirira, mpaka kudzaza. Anaphimba kabotoloko ndi mkono kuti a Laws asaone kuti zaphweka chotero.

"Ndipatseni nsanza yonyowa," anafuula.

Pansi pa mtengo panamveka kuseka. "Wayamba mankhwala a bambo ake," anatero wina. A Kezia anathamanga nayo nsanza. Dinah anaikulunga pa pampu yozizira kale, naigogoda katatu ndi sipanala, nachita ngati akumvetsera.

"Adada," anatero kwa a Laws, "batire inatha. Mundipukusire handulo."

"Ine?"

"Ndinu bambo amene mwatsala."

A Laws anayang'ana uku ndi uku, koma mawu amenewo analibe pothawira. Anavula jekete, nalipinda bwinobwino baji ili m'kati, nalipatsa a Kezia. Analowetsa handulo kutsogolo kwa injini. Dinah anakhala pa chiwongolero. Anapukusa kamodzi, injini inangofwenthera. Kachiwiri inatsokomola. Kachitatu a Laws anapukusa ndi ukali wonse wa masiku asanu, ndipo lole inabangula, utsi wakuda n'kuthamangitsa nkhuku pabwalo. Amayi a pakhonde anayamba nthungululu, kenako anakumbukira kuti ali pamaliro, nthungululuzo n'kusanduka kulira. A Laws anaima handulo ili m'manja, misozi ikutsika osaipukuta, chifukwa phokoso limenelo linali mawu a mkulu wawo m'mawa uliwonse.

Dinah atatsika, anamufunsa akupuma mwawefuwefu. "Chinali chivichi, mwana wane? Amuna atatu analephera."

Bwalo lonse linatchera khutu. Yankho loona linali pa lilime, lotentha ngati mbatata yochoka pamoto. Dinah anaona mayi ake pakhonde ataima chilili, anaona a Kezia atakumbatira jekete la a Laws, anaona anyamata awiri aja akumwetulira.

"Pampu, Adada," anatero. "Ndi yokalamba. Imafuna kunyengerera."

"Ndinkamuuza ine," anatero a Laws, akupukusa mutu mwachikondi. "Ndinkamuuza chaka ndi chaka. Mkulu wanga anali ndi mtima uweme chomene, aliyense akudziwa. Koma za injini, yayi. Pamenepo Chiuta anamumana."

Anthu anaseka kuseka kofewa kwa pamaliro, kokumbukira zofooka za munthu amene ankamukonda. Dinah kunamuwawa kuposa tsiku loika maliro.

"Inde, Adada," anatero. "Pamenepo anawamana."

A Peter anafika dzuwa lili pamutu ndi zitsulo zawo zophwasulira, napeza lole ikulira pansi pa mapeyala. A Laws sanabweze mawu. Anati mwamuna salankhula kawiri pamaso pa akuluakulu, ndipo a Peter anamwa tiyi wa m'chiketulo, napepesa maliro, nabwerera ku Mwazisi.

Panapita Lachisanu limodzi lole osatuluka, mwaulemu wa malemu. Lachisanu lachiwiri Dinah anaiimika pa sitolo m'mawa, ndipo anthu anakwera, ena chifukwa cha msika, ena kudzaona ngati mkazi angatsitse lole paphiri. A Kezia anakwera ndi thumba la nyemba. Atatsala pang'ono kunyamuka, a Isabella anatulukira atavala zakuda, atanyamula chitini chakale cha mafuta ophikira, nakwera kutsogolo osapempha.

"Mukupita kuti, Amama?"

"Kumsika. Kapena kwaletsedwa?"

Anatsika phiri mwakachetechete, Dinah ali pa giya yotsika, buleki akuiponda mosamala. Kumbuyo anthu ankacheza mokweza, kukangana za mtengo wa nthochi. Atayandikira mkuyu macheza aja anayamba kuchepa. Dinah anayang'ana pakagalasi ka m'mbali. A Kezia anali atasiya kulankhula, milomo yokha ikugwedezeka. Pambali pawo bambo wina wachikulire ankayang'ana pansi, atafumbata chipewa.

Chigwa chinatseguka. Pansi patali, pa mlatho, panali timadontho tofiira tinayi.

Dinah anamva mantha enieni, ndipo anadziwa kuti awa ndi mantha amene bambo ake ankadya nawo Lachisanu lililonse osauza munthu. Sanayang'ane mayi ake. Anatsitsa dzanja lamanja pakati pa mpando ndi chitseko. Chala chake chinakwana bwinobwino pamene chala china chinasalaza mkuwa.

Lole inayenda mpaka pakona, inatsokomola kawiri katatu, nifa. Kumbuyo kunabuka phokoso. "Nayonso! Nthenda ya m'banja!" Wina anaseka mpaka kutsamwa. Dinah anatsika akupukusa mutu, nakweza boneti. Kenako anafuula.

"Ofulumira tsikani, dulani njira! Iyi yatentha pampu, ichedwa chomene!"

Madengu anayamba kutsika. A Kezia anadutsa pafupi naye atasenza nyemba, maso ali kumwamba, akunong'ona kuti yewo Chiuta, yewo. Dinah anacheuka kuti ayang'ane njira ya kumtsinje, koma mayi ake anali atatsegula kale chitini chija. Munali madzi, ndi nsanza yakale ya a Manase. Anaifinya, naipereka pawindo.

"Usafulumire," anatero motsitsa. "Bambo ako ankadikira mpaka dengu lomaliza litalowa m'nthochi."

Dinah analandira nsanzayo, naweramira m'boneti, nayamba kukulunga pampu pang'onopang'ono.